Ndamuona Gabriel Akutsika ku Manje

Diepkloof,
Soweto,
Julayi 2025.

Amayi anga okondedwa,

Ndakugwadirani ndili kutali kuno. Kaya mwadzuka bwanji ku Machinjiriko? Mawondo aja akukulolani kufika kutchalitchi, kapena chisanu chawaumitsanso? Achimwene a Everson anandiuza kuti mwezi watha shuga anakwera. Ndikhulupirira mukumwa mankhwala osadumphitsa, osati kubisa mapiritsi kunsi kwa pilo monga munkachitira muja. Ine kuno ndilipo, Mulungu akundisunga.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chikhalirecho foni ilipo. Nkhani imene ndili nayo ndayesa kangapo kuiyamba pa foni, koma ndikangomva mawu anu ndimangoyamba kukufunsani za mtengo wa chimanga. Ndiye ndati bola ndilembe. Alamu a Petronela, ndikudziwa kuti ndinu amene mukuwawerengera amayi kalatayi. Chonde werengani mofatsa, osadumpha kanthu, ngakhale pamene pakuwawa.

Kalatayi ndapatsira a Abdula, a thiransipoti aja, pamodzi ndi bulangete lanu, mafuta opaka m'mawondo ndi juzi ya mdzukulu wanu Mwai. Ngati juziyo yamukulira asaisinthitse, akula nayo.

Za kuno ndi zomwe zija. Kukuzizira koopsa, moti madzi ogona panja m'chidebe akumauma pamwamba. Magetsi akumathimathima ngati kwathu komweko, ndipo anthu akuno amene ankatiseka aja analeka. Mapepala anga sanatulukebe. Ndikapita kukafunsa amangoti ndibwere mwezi wamawa. N'chifukwa chake ndikulephera kubwera, poopa kuti ndikatuluka sindidzaloledwa kulowanso, ntchito n'kuthera pomwepo.

Agogo a Lindiwe, amene ndimawasamalira aja, afooka chaka chino. Miyendo yakaniratu, tsopano ndimawakankha pa njinga ya olumala. Pakamwa pokha ndiye m'pamoyo. Amandikalipira kuti tiyi wanga ndi wamadzimadzi, pakapita kanthawi n'kundiitana kuti ndidzakhale nawo pafupi chifukwa m'nyumba mwachita zii. Kale anali mphunzitsi wa zojambulajambula kusekondale, ndipo mpaka lero akaona chithunzi chapachikidwa mokhota mtima wawo sukhala m'malo.

Amayi, mukukumbukira ntchito imene munandipatsa. Chigumula cha Freddy chitakokolola nyumba yathu ku Manje, Gabriel osapezeka, kunabwera bambo wina wa ku Mbayani n'kukuuzani kuti anamuona kuno ku Joni akutsuka magalimoto, akuoneka ngati wosokonezeka mutu. Munati ndimusake mlongo wangayo, ndipo ndinalonjeza. Lonjezolo sindinaliphwanye. Ndikakhala pa ofu ndinkayenda m'matchalitchi a Amalawi, ku Park Station kumene amaima mabasi akwathu, ndi m'malo otsukira magalimoto. Ndinkalowanso m'mashedi a owotcherera zitsulo, poganiza kuti ngakhale mutu utaiwala, manja akanakumbukira ntchito yake. Tsiku lina ndinalondola munthu mtunda wautali chifukwa cha khosi lake lokha. Atacheuka anali bambo wa ku Mocuba, osati Mmalawi n'komwe, ndipo anachita mantha poyesa kuti ndatumidwa ndi apolisi.

Inenso ndinkakhulupirira ngati inu. Zimene zinachitika kumeneko sindinazione ndi maso anga, maliro a anzathu onse aja sindinakhalepo. Ndiye mumtima mwanga nyumba yathu inali chiimire, ndi mtengo wa mapeyala uja kuseri kwake.

Mwezi watha, Loweruka lina, agogo anadzuka ndi chilakolako chopita m'tauni kukaona zaluso. Mwana wawo anatitumizira galimoto. Malo ake ndi chinyumba chachikulu chimene kale chinali fakitale, anachikonza n'kupaka makoma onse penti yoyera kuti mbee. Amaonetseramo ntchito za amisiri amakono ochokera m'maiko osiyanasiyana a muno mu Afirika. Sizili ngati aziboliboli a m'tauni mwathu aja amene amakuthamangira kuti ugule. Umangoyenda n'kumaona, anthu akulankhula monong'ona ngati ali m'chipatala.

Kunena zoona, zambiri sindinazimvetse. Panali zikwama zamizeremizere zija timanyamulira katundu pa basi, ataziunjika mpaka kudenga. Pena anandandalika simbi zamakala zadzimbiri, zonse zitayasama. Panalinso chithunzi chachikulu cha mayi wa nkhope yobiriwira atakhala pa mpando wa mu saluni, chojambulidwa ndi munthu wa ku Congo. Chimenecho ndinachikonda, chifukwa mayiyo ankaoneka wotopa ngati mmene ndimaonekera ine Lachisanu. Ndinafunsa agogo kuti simbi zija zikutanthauza chiyani. Anandiyankha mokalipa kuti ndisiye kufunsa ngati mwana wa sukulu, ndizingoona, chimene chili changa chindipeza chokha.

Chakumapeto kunali kachipinda kamdima kotchingidwa ndi katani yakuda. Ine ndinkafuna tikadutse chifukwa khomo lake linali lopanikiza kwa njinga, koma agogo anaumirira. M'katimo munali benchi limodzi, ndipo khoma lonse lakutsogolo linali kanema. Maso asanazolowere, makutu ndiwo anayamba kuzindikira. Ndinamva mayi akuitanira zitumbuwa zamoto m'Chinyanja chathu chomwechi. Ndinamva tambala, ndi wailesi ikulengeza mauthenga a maliro chapatali.

Nditayang'anitsitsa ndinaona msewu wafumbi wotsika ku Manje, phiri la Soche lili kumbuyo, dzuwa likungotuluka kumene. Wojambulayo anaima malo amodzi, pafupi ndi kiyosiki pamene tinkatunga madzi. Anthu ankatsika wapansi kupita kuntchito, amayi madengu ali pamutu, alonda akukwera kubwerera kwawo maso ali psuu. Ndinaona a Ishaq, atelala oyandikana nafe aja, akutulutsa mashini pakhonde ndi ndodo yawo kukhwapa. Ndinagwira phewa la agogo n'kuwauza kuti kumeneko ndi kwathu. Ndinali ndikumwetulira, amayi. Sindinkadziwa chimene chikubwera.

Anatulukira pakona ya golosale. Anavala ovololo yake yabuluu yong'ambika pabondo, paphewa atanyamula felemu la windo. Ndinamudziwa asanayandikire n'komwe, chifukwa cha kayendedwe kaja kotaya mwendo wamanzere ngati malemu bambo. Atafika pafupi anazindikira kuti akujambulidwa. Anaima, n'kutsitsa felemu lija, n'kusisita mpala wake uja wonyezimira.

Anauza wojambulayo kuti, "Asisi, mukanandiuza dzulo, bwenzi nditapesa."

Ndiye anaseka. Kuseka kwake kuja koyambira m'mimba, kotsekera maso, kumene munkati kudzamuthamangitsitsa m'tchalitchi. Atasenzanso felemu anacheukira kumtunda, kumene kunali kamwana kakumutsatira kopanda nsapato. Anali Mwai, ali wamng'ono. Anamuuza kuti, "Bwerera kwa amayi ako, iwe. Ndibwera madzulo." Kenako anadutsa, n'kutuluka m'chithunzimo.

Sindikudziwa kuti ndinakhala pansi nthawi yanji. Ndinangozindikira ndili pa simenti, nditagwira tayala la njinga ya agogo. Sindinalire mokuwa.

Kanemayo sanathere pomwepo. Khoma linada pang'ono, kenako panaonekanso malo omwe aja, wojambula ataima pamene anaima poyamba, koma chigumula chitadutsa. Kiyosiki panalibe. Golosale panalibe. Pamene panali msewu panali chigwembe chakuya, ndi miyala ikuluikulu ngati maminibasi itasanjikizana, matope ofiira ataumira m'mipata mwake. Munthu wolankhula panalibe, kunkangomveka mphepo ndi khasu la munthu wina akukumba kosaoneka. Ndinafunafuna ndi maso mtengo wathu wa mapeyala kuti ndidziwe pamene panali nyumba. Sindinaupeze. Ngakhale chitsa.

Munandiuza inu, anandiuzanso achimwene, ndipo zithunzi ndinaziona pa foni nthawi imene ija. Koma pa foni mwala umaoneka ngati nsawawa. Pakhoma paja mwala umodzi unali wautali kuposa ine nditaimirira. Ndi pamene ndinamvetsa chimene chinatsika m'phiri muja.

Akatha, kanemayo amayambiranso yekha. Mayi wa zitumbuwa anaitaniranso, a Ishaq anatulutsanso mashini, Gabriel anatulukiranso pakona. Ndinalephera kuchoka. Agogo aja, amene sapirira ngakhale tiyi akachedwa pang'ono, anakhala duu mumdima wozizirawo mpaka nthawi yotseka. Anangondifunsa kamodzi kuti ameneyo ndi ndani wanga. Nditawauza, anakoka mutu wanga n'kuutsamiritsa pa maondo awo, n'kumanena mawu a m'chilankhulo chawo amene sindinawamve. Paja amati maliro n'kulirana. Sindinkayembekeza kuti wondiliritsa woyamba adzakhala mayi wachilendo amene amandinyoza tiyi.

Potuluka ndinafunsa mtsikana wa pakhomo za mwini kanemayo. Anati ndi Mmalawi, dzina lake Lonjezo, ndipo abwera Loweruka lotsatira kudzacheza ndi anthu odzaona. Sabata imeneyo ndinagwira ntchito ngati munthu wogona. Ndinapsereza phala la agogo kawiri konse, koma sanandikalipire. Loweruka litakwana anandiuza okha kuti ndipite, akhala ndi mdzukulu wawo.

Lonjezo ndi mtsikana wocheperapo kwa ine, wobadwira ku Zingwangwa, wa tsitsi lopota, wolankhula motsitsa. Ndinadikira mpaka azungu ndi ena onse atamaliza mafunso awo. Nditamupatsa moni m'Chinyanja nkhope yake inawala, tinagwirana manja ngati odziwana. Anandifotokozera kuti anajambula kanemayo chaka chimodzi chigumula chisanachitike. Akuti ankafuna kuonetsa mmene Blantyre amadzukira wapansi, anthu atalephera mitengo ya minibasi. Za imfa sankaziganiza n'komwe. Phiri litagumuka anabwererako ndi kamera, n'kukaima pomwe paja. Akuti anthu ambiri a m'kanemamo sakuwadziwa maina, ndipo chimenecho chimamusowetsa mtendere.

Ndinamuuza kuti bambo wa felemu la windo uja ndi mlongo wanga, dzina lake Gabriel, wowotcherera zitsulo. Anaika pansi kapu imene anagwira. Kenako anafunsa motsitsa kwambiri.

"Alipo?"

Yankho ndinali nalo lokonzeratu, lomwe ndakhala ndikuuza aliyense zaka ziwiri zonsezi, loti tikumusakabe. Koma pakamwa panga panatuluka mawu ena. Ndinati, "Anatisiya." Sindinawakonze mawu amenewo, amayi. Anatuluka okha, ndipo atatuluka ndinadziwa kuti ndi oona.

Lonjezo analira kuposa ine. Anapepesa kuti waika m'bale wathu pakhoma popanda kupempha banja, ndipo anati ngati tikufuna amuchotsamo. Ndinamuuza kuti asamuchotse. Gabriel ankakonda anthu, ndipo anthu a m'chipinda muja akafika pa mawu a kupesa aja amaseka, ngakhale amene akungowerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi. Ndinawamva ndekha. Mwana wanu wakhala akuseketsa anthu, mumzinda umene sanapondemo.

Kenako ananditengera kuofesi yakuseri n'kutsegula kompyuta yake. Anati pali mbali ina imene sanaiike m'kanemamo chifukwa inatalika. Gabriel anacheza naye ndithu tsiku limenelo. Lonjezo anamufunsa za felemu lija. Iye anayankha kuti akupita nalo ku Limbe kukaikitsa magalasi, ndi la kuchipinda kwa amayi ake, chifukwa pawindo pawo anatsekapo ndi makatoni ndipo amatsokomola nthawi yozizira. Mukulikumbukira windo limenelo, amayi. Munandiimbira foni tsiku limene analiika, mukudandaula kuti tsopano dzuwa likukudzutsani msanga.

Gabriel anafunsanso kuti kanemayo akaonetsedwa kuti. Atamva kuti mwina kunja, anati ngati akafike ku Joni, wina akauze achemwali ake a Cecilia kuti nsapato zimene anatumiza zija zikuthina, ulendo wina azifunsa kaye saizi. Uthenga wanga wandipeza patapita zaka zitatu. Ndinaseka ndi misozi, mpaka Lonjezo anakanditengera madzi.

Amayi, ndakhala ndikuganiza kwambiri chichokereni kumeneko. Zaka zonsezi ndimasaka nkhope ya pa chithunzi chimodzi chosaoneka bwino chimene ndili nacho mu foni. Mawu ake ndinali nditayamba kuwaiwala, poti mauthenga ake anapita ndi foni imene anandibera mu takisi ija. Nditamuona akuyenda, akuseka, akucheukira mwana wake, ndinakumbukira kuti Gabriel anali munthu wotani. Munthu ameneyo sakanakhala pena pake padziko pano osapeza njira yobwerera kwa Mwai. Ngakhale mutu ukanasokonezeka, miyendo ikanamufikitsa. Amene anauluka kuchoka ku Limbe wapansi tsiku limene munakomoka pamsika uja sangakhale chete zaka ziwiri akudziwa kuti mukulira.

Ndipo tikudziwa kumene anapita. Mkazi wake Joan anatiuza kuyambira pachiyambi, ife ndi amene sitinafune kumva. Gabriel anamuperekeza mkazi wakeyo ndi mwana mpaka kutchalitchi kumene anthu anathawira, n'kubwerera kukatenga a Ishaq chifukwa sakanatha kuthamanga ndi mwendo wawo. Thupi la a Ishaq linapezeka kumunsi kwenikweni. La Gabriel lili pansi pa miyala imene ndaiona ija. Sanathawe, sanasochere, sanatitaye. Anafera pa msewu wakwawo akukatenga mnansi wake.

Ndikudziwa kuti inu ndi amene munamunyamula m'mimba, ndipo ululu wanu sindingauyeze ndi wanga. Ndikudziwanso chimene chimakudyani, chifukwa munachinena kamodzi pa foni: kuti mukanakhala kunyumba sabata imeneyo, osati ku Machinjiri kothandiza alamu a Petronela ndi khanda, mukanamugwira malaya osamulola kubwerera. Amayi, simukanatha. Munamulera nokha kuti asamadutse munthu wovutika. Akanakupepesani, n'kuchotsa dzanja lanu mwaulemu, n'kupita.

Tsopano ndifike pa pempho langa. Ndi limodzi lokha, ndipo sindikukuphunzitsani mwambo, ndikungopempha ngati mwana.

Lolani kuti Gabriel timulire. Achimwene a Everson atanena zoika thunthu la nthochi m'manda monga ankachitira akale munthu akasowa, munakana, ndipo ine ndinali mbali yanu. Za nthochizo sindikuumirira. Koma lolani a mphakati abwere, abambo mfumu achite Misa ya mzimu wake, dzina lake litchulidwe pamodzi ndi anzake amene anapita tsiku lomwelo. Akatero, amalume akhale pansi ndi akwawo kwa Joan, mumusudzule mwana uja.

Ndikudziwa kuti nkhani ya Joan ikukupwetekani. Ndinamva kuti chimvereni zoti a Boyd, aphunzitsi a kutchalitchi kwawo amene mkazi wawo anamwalira aja, anatumiza anthu kudzafunsira, simukumuyankha moni. Ndinamvanso kuti iye akubwerabe Lamulungu lililonse kuchokera ku Ndirande, n'kuchapa zovala zanu, n'kubwerera osamva liwu lanu. Ine ndinalankhula naye. Anandiuza kuti iye anawayankha a Boyd kuti sangavomere kanthu apongozi ake asanamumasule, ngakhale zitatenga zaka khumi. Anati iye alibe mayi wina, ake anamwalira ali mwana, ndipo chimene akuopa si umbeta koma kuti mudzamuyesa wopereka mwana wanu ku imfa. Joan sanakwanitse n'komwe zaka makumi atatu. Akugona m'kachipinda kamodzi ndi mwana, akugulitsa kaunjika padzuwa, sali pabanja, salinso namfedwa. Zimenezi Gabriel sakanazilola.

Ndiye pali Mwai. Joan akuti kusukulu anawauza kuti aliyense anene za bambo ake. Anzake ena anati bambo awo amagwira ntchito yakuti, ena anati anamwalira pa chigumula. Mwai anaima n'kukhala chete mpaka aphunzitsi anamuuza kuti akhale pansi. Pobwera kunyumba anafunsa amayi ake kuti iyeyo azinena ziti. Joan analephera kumuyankha, poopa kutsutsana ndi agogo ake amene amamuuza kuti adadi ali ku Joni, abwera ndi chidole. Mwanayo akaona basi yaikulu amaima n'kumayang'ana otsika. Ine ndayenda m'misewu ya kuno ndikuyang'ana nkhope za anthu osawadziwa, ndikudziwa kulemera kwake. Ndi katundu woti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri asasenze.

Kumusudzula Joan si kumuthamangitsa. Mwai ndi magazi athu, ndipo Joan wanena yekha kuti kulikonse kumene angakhale, Lamulungu ndi lanu.

Mu envulopu muno mupezamo kafulashi kokulungidwa m'pepala. Lonjezo anandiikiramo kanema yense, ndi mbali ija imene sanaonetse anthu. Ndikanatha kutumiza pa foni, koma sindinafune kuti akudzidzimutseni monga anandidzidzimutsira ine. Achimwene akudziwa kukalowetsa pa TV. Kuonera kapena kusaonera zili kwa inu, palibe amene akukakamizeni. Mukafuna, mutha kuimitsa asanafike pa miyala paja. Chokhacho, musaonere nokha. Muitane Joan akhale pambali panu. Mwa anthu onse amoyo, ndi inu awiri amene mumadziwa kuseka kuja kuposa wina aliyense.

Mukakana pempho langali sindidzakwiya, ndipo sindidzalibwerezanso. Mudzakhalabe amayi anga, ndizidzaimbabe foni Lamulungu madzulo monga mwa nthawi zonse. Koma sindikufuna kukunamizani: kusaka kuja ndasiya. Mukadzandifunsa ngati ndapita ku Park Station, ndidzakuuzani zoona kuti sindinapite. Mukavomera, mundidziwitse tsiku la Misa nthawi ikadalipo. Ngati mapepala adzakhale asanatuluke, ndidzapempha Amalawi anzanga a kutchalitchi kuno kuti tidzagwade pa ola lomwelo. Agogo a Lindiwe anena kale kuti ndidzawakankhe, adzakhala nawo.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Everson, muwauze kuti ndikuthokoza posunga amayi m'nyumba yopanikiza ija osadandaula. Moni kwa inu alamu a Petronela, zikomo powerenga mpaka pano, ndikudziwa kuti sizinali zophweka. Moni kwa ana onse, kwa amalume ku Bangwe ndi azakhali, ndi kwa amayi a mphakati amene amadzakuonani. Moni kwa mlamu wanga Joan. Mwai mumupsompsone pamphumi, mumuuze kuti azakhali ake akumusowa.

Nthawi zonse ndikamatsazika ndimamaliza ndi mawu oti Gabriel akatulukira mumuuze andiimbire. Lero sindilemba zimenezo. Chionetsero chija chinatsekedwa Loweruka lapitali, ndipo ndinapitako komaliza ndekha. Ndinakhala pa benchi paja mpaka anatulukira pakona. Atatsitsa felemu n'kuyang'ana kumene ndinakhala, ndinamuuza kuti amayi ali bwino, Mwai wayamba kuwerenga, ayende bwino. Anaseka, anasenza windo lanu, n'kupita. Ndinadzuka asanayambirenso.

Mulungu akusungeni, amayi, mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Cecilia.